Tsiku Limene Tinasowa Mphasa ya Yotamu

Senderani kuno, inu muli pakhomopo lowani ndithu, mawu anga masiku ano safika patali. Mwakhala mukundifunsa za mlongo wanga Yotamu, uja anali ndi masitolo asanu a mphasa ndi madengu. Za masitolozo ena angakuuzeni bwino kuposa ine. Ine chimene ndikudziwa bwino ndi tsiku limene tinamuika m'manda, ndipo ndinena limenelo, kuyambira m'mamawa mpaka madzulo.

Ndinadzuka tambala woyamba asanalire. Kuti ndinadzuka ndikungonena chabe, pakuti pa siwa munthu sagona. Ndinangotsamira khoma, mutu n'kugwa pang'ono. M'nyumbamo amayi anali atagona mopingasana, wina mwendo pa mnzake. Amayi a mpingo amene anachezera kuyimba mawu anali atawathera, awiri okha ndiwo ankayimbirabe m'mphuno pakona. Yotamu anali pakati pa chipinda, m'bokosi la matabwa a bulugamu limene kalipentala wa pa Nachisaka anakhoma dzulo lake. Kumutu kwake kunakhala mkazi wake, amake Giresi, maso ali pakhoma.

Ndinatuluka panja. Unali mwezi wa Januwale, chimanga chili m'chiuno, ndipo mvula inali itagwa masiku atatu osapuma. M'mawa umenewo inaleka, koma phiri silinkaoneka. Amuna anali m'chigafa cha fodya, atazungulira nkhuni zonyowa zimene zinkangofuka utsi. Ndinaima pakhonde n'kumayang'ana mapazi anga. Mumtima munalibe kanthu. Ndinkangoona zinthu monga munthu amaonera msika wa kwa eni.

Kutangoyera, adzukulu, anthu okumba manda aja, analowa m'nyumba ndi bango, anayeza bokosi, n'kunyamuka ndi makasu awo. Amayi anayamba kusonkha moto kuseri kwa nyumba. Anaika migolo yodula pakati pamafuwa, umodzi wa nyemba, wina wa madzi. Ufa unkabwera kuchokera nyumba ndi nyumba. Ndinauyang'ana ukubwera, ndipo ndinaona kuti wonse unali m'mabeseni a pulasitiki, abuluu ndi ofiira. Dengu ndinawerenga limodzi, lothyoka mkombero.

Yotamu anali wamng'ono kwa ine, kumbuyo ndinamubereka ndine. Anaphunzira sukulu ya mishoni mpaka anadziwa Chizungu chokwanira kutsutsana ndi munthu pamtengo. Anayamba ndi mphasa zinayi pa njinga, kukaziimika patsinde pa mkuyu pa Chezi, pamsewu wa ku Salima. Ankamusokera mphasazo ndi a Lefani, bambo a kutsidya kwa dambo lathu, amene mphasa yawo munthu ankagonera mpaka ana kukula. Nthawi imeneyo n'kuti boma likusamutsa likulu kuchoka ku Zomba kubwera ku Lilongwe. Omanga mzindawo anali namtindi wa anthu, ndipo aliyense ankafuna pogona. Mphasa sizinkagona pamkuyupo. Posakhalitsa panamangidwa kanyumba, kanyumbako kanasanduka sitolo ya malata. Kenako ina pa Dowa, ina pa Mponela, ina pa Ntchisi, yachisanu mu Lilongwe momwemo. Lole yake inkazungulira mapiri onsewa mpaka ku Kasakula, kutolera malichero, madengu, mipando ya nsungwi, zipande, mitondo ndi mphasa. Ikamalira kuchitunda, amuna ankasiya khasu m'munda.

Inamusokoneza ndi sitolo ya ku Lilongwe. Kumeneko kunkalowa azungu ndi akazi a mabwana, anthu amene mphasa yogonera analibe nayo ntchito. Tsiku lina mzungu wamkazi anasisita mphasa ya a Lefani, nati n'njokongola, koma ikanakhala yaing'ono yoikapo mbale pa tebulo akanagula. Yotamu anabwera kumudzi maso akuwala. Kamphasa kotalika kuchokera pachigongono kufika pachala, konyikidwa mu utoto wofiira ndi wobiriwira, kankagulidwa mtengo woposa wa mphasa yathunthu. Bango la mphasa imodzi linkatulutsa timphasa tambirimbiri. Akanakana ndani? Amuna onse anasiya zazikulu. Malichero anasanduka timalichero topachika pakhoma, mitondo inasanduka timitondo tosasinja kanthu. Anyamata amene anaphunzira kusoka zaka zimenezo sanasokepo mphasa yoti munthu n'kutambasulapo miyendo.

Anakana ndi a Lefani okha. Anamuuza Yotamu pamaso pa anthu, lole ili chiimire, kuti iwo amasokera anthu, osati mbale. Yotamu anayankha kuti ndiye akagulitse okha. Kuyambira pamenepo anatha zaka khumi osapatsana moni.

Mzinda utatha kumangidwa, azungu ambiri anabwerera kwawo. Otsalawo anapeza anyamata ogulitsa zomwezo m'mbali mwa msewu motchipa, ena mwa iwo ophunzitsidwa ndi Yotamu yemwe. Ife akumudzi tikalowa m'sitolo ya pa Mponela kufuna lichero lopetera, tinkapeza zidole. Tinkatuluka n'kukagula beseni m'sitolo yoyandikana nayo. Yoyamba kutsekedwa inali ya pa Ntchisi, yomaliza ya pa Chezi. Katundu wotsala anabwera naye pangolo, maulendo angapo, n'kumutsekera m'chipinda cha kuseri kwa nyumba yake. Anakhala pamudzi pano zaka ziwiri, akulima pang'ono, akukhosomola. Kiyi wa chipindacho sankachoka m'thumba la jekete lake.

Ndabwerera m'mbuyo kuti mudziwe anthu amene anabwera pamaliropo. Ankatsika m'tinjira ta m'mapiri, ena atafunda matumba a feteleza, ena atanyamula masamba a nthochi kuopa mvula. Ambiri anali amuna aja ankasokera Yotamu, tsopano ometa imvi, ena ochokera ku Kasakula atayenda usiku wonse. Anabweranso awiri amene ankagulitsa m'masitolo mwake, atavalabe mataye. Wapampando wa chipani wa dera lathu anafika ndi baji pachifuwa, anamupatsa mpando pafupi ndi mafumu. Ku Lilongwe kunachokera galimoto imodzi yokha, ndipo inatitimira padambo, eni ake anafika nsapato zili m'manja. Amene anachokera mbali ya ku Chezi m'mamawa anawoloka mtsinje madzi ali m'chifuwa. Amene anachedwa sanawoloke. Madzi a kumapiri anali atatsika, ndipo anthuwo anangoima tsidya linalo, tikuwaona, iwonso akutiona.

Aliyense wofika ankalowa m'nyumba, kulira pang'ono, n'kudzandigwira dzanja. Ndinkawayankha bwinobwino. Wina anandifunsa ngati ndadya, ndinati ndadya, koma sindikukumbuka.

Dzuwa likanaoneka bwenzi lili pamwamba pa mitengo pamene a Kaliza anatulukira. A Kaliza anali mkulu wa adzukulu, munthu wamfupi, wa pakamwa posatopa. Paja mukudziwa kuti adzukulu saletsedwa nthabwala pamaliro, ndipo ofedwa onse amatitchula agogo. Anafika matope ali m'ntchafu, ananjuta pakhonde, n'kuomba m'manja.

"Agogo, nyumba ija tamaliza. Koma madzi akutuluka m'mbali, tikungokapa ndi chidebe. Tipatseni mphasa tikayale, munthuyu alowe mvula isanabwerere."

Kwathu kuno bokosi silikhudza dothi. Pansi pamanda timayala mphasa, bokosi likatsika timaipindira pamwamba, kenako dothi. Mphasayo imakhala imene malemuyo ankagonera, apo ayi yatsopano imene sanagonerepo munthu. Ya munthu wamoyo silowa m'manda, pakuti ili ndi thukuta lake. Zimenezi aliyense amazidziwa, n'chifukwa chake palibe amene anaziganizira. Ndani akanafunsa za mphasa pamaliro a Yotamu?

Amake Giresi anali atatuluka kudzamva. Iwo kwawo ndi ku Zomba, anakulira m'tauni.

"Mphasa yanji? Bambo ake Giresi ankagona pabedi."

"Chikhalire chawo pamudzi pano?"

"Chikwatirane chathu. Tengani bulangete lawo. Kapena matiresi."

"Matiresi!" a Kaliza anatembenukira anzawo awiri amene anabwera nawo. "Mwamva? Bwererani mukakumbenso poika tebulo ndi wailesi."

Anthu anaseka pang'ono. Amake Giresi sanaseke, anandiyang'ana ine. Ndinalowa m'nyumba n'kuyang'ana pansi. Mphasa zonse zimene amayi anakhalira zinali zobwereka, iyi ya uje, iyo ya uje, zakale, zogula kwa anthu a kunyanja amene ankadutsa nazo pa njinga m'chilimwe. Iliyonse inali ndi mwini wake wamoyo. Tinatuma anthu nyumba ndi nyumba kukafunsa yatsopano, mudzi wathu ndi midzi iwiri yoyandikana nayo. Anabwerako manja ali lende. Nyengo ya mvula bango silidulidwa, ndipo ngakhale likanadulidwa, m'midzi imeneyi munalibenso wosoka zazikulu. Msika wa pa Chezi unali kutsidya kwa mtsinje.

Mawu anayamba kuyenda m'chigulu cha anthu. Sankanena mokweza, koma ndinkawamva. Mwini masitolo asanu. Amene anagoneka Lilongwe yense. Wina kuseri kwa nkhokwe anaseka, mnzake n'kumuletsa.

Ndinapita kunyumba kwanga, ndinakulunga mphasa yanga, ndinabwera nayo n'kuiponya pamapazi pa a Kaliza. Sindinaganize za kufa, sindinaganize kanthu. Ndinangoona kuti pakufunika mphasa ndipo ine ndili nayo.

A Kaliza sanaikhudze. Anabweza phazi.

"Agogo, makasu athu atopa. Manda awiri tsiku limodzi sitingathe."

Mwana wanga Esinati anaitola msangamsanga, n'kuthamanga nayo, akulira, ngati wina amulanda.

Apo mkulu wa mpingo amene ankayendetsa mwambo anabwera, Buku lili m'khwapa. Anali munthu wofatsa. Anati nthawi ikupita, ndipo m'Buku mulibe pamene analemba za mphasa, Mkhristu angathe kugona popanda iyo.

"Akulu, inenso ndine wa mpingo, mumandiona Lamulungu lililonse," anatero a Kaliza. "Koma wolowa m'dzenjemo ndine. Bambo anu tinawayalira. Mayi anu tinawayalira. Uyu yekha tikamuponye pamatope ngati mbuzi yofa yokha? Kayaleni nokha dothilo, ife tikhala pano."

Mkuluyo anayang'ana kumwamba. Mbali ya ku Ntchisi kunali kutayamba kuda.

Sindikudziwa chimene chinandiyendetsa. Jekete la Yotamu linali pamsomali kuchipinda. Ndinapisa m'thumba, ndinatenga kiyi, ndinazungulira kuseri. Loko anali wadzimbiri, anandivuta. Chitseko chitatseguka ndinamva fungo la chuku ndi la mbewa. Kuyambira pansi mpaka kumalata munali mitolo. Timphasa tija, tisanu ndi kamodzi pamtolo, tomangidwa ndi ulusi wofiira, kalikonse kali ndi kapepala ka Chizungu kolendewera pakona. Ndinagwetsa mitolo, ndinasuntha timadengu, ndinafufuza mpaka kukhoma, kuti mwina pansi pali yaikulu imodzi yoiwalika. Munalibe. Ndinanyamula mtolo umodzi, ndinatuluka nawo, ndinakauika pamene ndinaponya mphasa yanga paja.

A Kaliza anamasula ulusi, anakweza kamodzi m'mwamba kuti onse aone.

"Aka ndiye tiyale kumutu, kapena kuchidendene?"

Anthu anaseka kwambiri ulendo uno, kenako kuseka kunaduka kokha.

"Tabwera nako kuno."

Mawuwo anachokera m'chigafa. Anali a Lefani. Sindinadziwe n'komwe kuti abwera. Anali atakalamba kwambiri, maso atachita ng'ala, zala zitapindika moti ndodo ankaigwira ndi manja awiri. Anawapatsa kamphasako. Anakasisita, anakatembenuza, anayendetsa chala m'mphepete.

"Anasoka ndani ichi?"

Bambo wina wa ku Kasakula, wadazi, mwini zidzukulu, anasuzumira n'kunena chapansipansi kuti zikuoneka ngati ndi iye.

"Ndinadziwa. Mfundo zako n'zaulesi mpaka lero." Anakaponya pansi. "Tulutsani mitolo. Nonse amene munadyapo za Yotamu, khalani pansi apa. Mulumikiza."

Anadzuka amuna oposa khumi. Anasesa pakati pa chigafa, anthu anafutukira m'mbali. Ine ndi Esinati tinkatuta mitolo. Koma singano panalibe. Singano ya mphasa ndi yachitsulo, yaitali, ndipo palibe amene amapita nayo kumaliro. A Lefani anati masipoko a njinga angathe. Anthu anayang'anana, pakuti njinga zimene zinafika pamudzipo tsiku limenelo zinali zowerengeka. Mkulu wa mpingo uja anapereka Buku kwa mnzake kuti amugwirire, anapita kuseri kwa nyumba, n'kubwera akukankha yake. Anaigoneka pansi yekha. Amuna aja anazula masipoko a gudumu lakutsogolo, anawaotcha pamoto wa nyemba, anawasula ndi nyundo pamwala, n'kuboola ndi msomali.

Ulusi wofiira uja a Lefani anaukana, anati ndi womangira mphatso. Amayi anakadula khonje kumpanda wa dimba, anapala, tinakhala pansi n'kumapota chingwe pantchafu. Amake Giresi kupota sankadziwa. Anabwera ndi lezala, anakhala pambali panga, n'kumadula timapepala tija kamodzikamodzi. Sankatitaya. Ankatiunjika pachitenje pawo.

A Lefani sakanatha kugwira singano. Ankangokwawa ndi mawondo m'mbali mwa osokawo, akupapasa. Anawauza kuti m'mphepete muzisanjikizana zala ziwiri, ndipo mizere isalunjikane, ikhale ngati njerwa za khoma, kuti mphasa isathyokere pamodzi. Akapeza posokedwa mofooka ankamenya dzanja la mwini wake ngati mwana.

"Masula. Zaka zonsezi unkasoka chiyani?"

"Zimenezi, bambo."

"N'chifukwa chake."

Itakula pang'ono, mmodzi wa iwo, wamtali ngati Yotamu, anavula nsapato nati agonepo aone ngati yakwana. Anali atagwada kale pamene ndodo ya a Lefani inamupeza pamsana.

"Ukagonapo ndi yako! Tiyambenso ina?"

Munthuyo anadumpha ngati waponda moto. A Lefani anatuma wina kumanda kukatenga bango loyezera lija.

Zonsezi zinatenga nthawi. Amayi a mpingo anayambanso kuyimba kuti anthu asabalalike. Chakudya chinapsa, anthu anadya, osokawo sanadye. Wapampando wa chipani analankhula mawu ake pomwepo podikira. Anati malemuyu anali munthu wa chitukuko, anamvera mawu akuti tizigwira ntchito ndi manja athu. Sanatalikitse. Kuchokera kumanda kunabwera uthenga kawiri kuti madzi afika m'kakolo, kenako kuti khoma limodzi layamba kugumuka. A Kaliza anabwerera komweko, ndipo sanasekenso.

Ine ndinkangopota. Ntchafu inatupa, sindinamve. Nthawi ina a Lefani pokwawa anafika pamene ndinakhala, anaima, anandizindikira ndi mawu pamene ndinkaitana Esinati.

"Ndiwe Nankhoma?"

"Ndine, bambo."

"Mlongo wako anali wamakani."

"Inunso."

"Eya," anatero, n'kupitirira kupapasa.

Anamaliza dzuwa litapendeka, ngakhale sitinkaliona. Anayeza ndi bango, inakwana m'litali, m'lifupi inakwana kawiri. Inali mphasa imene sindinaionepo chibadwire, yamawangamawanga, pofiira, pobiriwira, potumbuluka pamene panadyedwa ndi chuku. Kukulunga inakana. Anainyamula amuna anayi, aliyense pakona, ndipo ndi imene inatsogolera ulendo wa kumanda. Pambuyo pake amayi ovala zoyera ndi nkhata za maluwa, kenako bokosi, kenako ife. Njira inali yoterera, onyamula bokosi ankasinthana pafupipafupi. Anthu aja anatsala kutsidya kwa mtsinje anayamba kuyenda nafe, iwo uko ife kuno, ndipo nyimbo imene tinkayimba ankailandira. Madzi ankasokosera pakati pathu, moti iwo ankatsalira m'mbuyo mawu awiri kapena atatu.

Kumanda, pansi pa mitengo, kunali mdima ngati madzulo. A Kaliza anali m'dzenje ndi chidebe. Anakapa komaliza, anaponya chidebe kunja, anakweza manja. Anawapatsira mphasa. Potsika inakodwa pamuzu, msoko umodzi unamasuka, kamphasa kamodzi kanalendewera. Tonse tinaona. Ndinadikira kuti anena nthabwala. Sananene. Anagwada m'matopemo, anakabwezera pamalo pake, anamanga chingwe ndi mano, n'kusalaza ndi chikhato. Bokosi linatsika ndi zingwe. Anapindira mbali yotsala pamwamba, inaphimba bokosi lonse, matabwa sanaonekenso.

Mkulu wa mpingo anawerenga mawu ake. Anandipatsa dothi pakhasu kuti ndiponye. Ndinaponya. Silinalire ngati dothi logwera pathabwa, linangoti phu. Amake Giresi anaponya lawo, ndipo pamenepo analira kwambiri, anachita kuwagwira. Ine ndinaima. Ndinkayang'ana manja a amuna aja anasoka, atawapinda kutsogolo popemphera. Utoto unali utasungunuka ndi chinyezi, zala zawo zonse zinali zofiira ndi zobiriwira.

Mvula inayamba adzukulu ali pakati pokwirira. Sanasiye. Anthu anathawira pansi pa mitengo, ena anayamba ulendo wa kwawo pomwepo. Pobwerera tinasamba m'manja pamphambano monga mwa mwambo. Madzi a m'beseni anafiira.

Pofika madzulo pamudzi panali patatsala achibale okha. Eni mphasa zobwereka anali atatenga zawo, m'nyumba ya Yotamu munatsala simenti yokha, ndi malo ouma pakati pamene panali bokosi. Amake Giresi anagona pabedi osavula nsapato. Migolo inali yovundikira kuseri, agalu akuinunkhiza. M'chigafa munali tizidutswa ta khonje ndi njinga ya gudumu limodzi, yotsamira mzati. Mvula inkagwa pamalata pang'onopang'ono. Ndinasesa pakhonde, ngakhale amati tsiku la maliro sasesa msanga. Ndinazungulira kuseri ndipo ndinapeza chitseko cha chipinda chija chili pululu. Ndinasuzumira. Tinali titatulutsa mitolo yambiri, koma malo ake sankaoneka n'komwe. Ndinatseka, ndinamangirira kiyi pakona ya chitenje changa, ndinapita kukagona.

Tsono mufuna kudziwa za anthu aja.

Amake Giresi anakhala nafe mpaka tinakolola. Titameta, tinawasudzula mwaulemu, anabwerera ku Zomba ndi mwana wawo ndi bedi lija. Anandilembera kalata kawiri, Esinati anandiwerengera. Kenako zii.

Mkulu wa mpingo anayenda wapansi mpaka atagulitsa fodya. Za njingayo sanadandaulepo, ndipo za mphasa ndi Buku sanazitchulenso pamaliro ena alionse.

A Kaliza anakumba manda zaka zina zisanu, mpaka msana unawakana. Masiku awo omaliza ankakhala pakhonde n'kumanyoza achinyamata kuti manda awo ndi okhota.

Masitolo aja, ya pa Chezi mukugulitsidwa mchere ndi palafini, ya pa Mponela ndi chigayo. Enawo sindinapiteko.

A Lefani anamwalira m'nyengo yozizira ya chaka chotsatira. Mphasa imene ankagonera, yomaliza kusoka ndi manja awo, inali itatha, yongotsala zingwe, yosati n'kunyamulika. M'mamawa wa tsiku loika, mphwawo anafika pakhomo panga, ananjuta, n'kumakanda pansi ndi chala. Ndinamasula kiyi pachitenje ndisanamve chimene wadzera. Bambo wadazi wa ku Kasakula uja ndiye anatsogolera kusoka, ndipo akuti mfundo zake tsiku limenelo zinali zolimba.

Kuyambira pamenepo anthu anadziwa njira. Maliro akagwa m'nyengo ya mvula, kapena pakhomo posauka, amabwera kwa ine. Sindifunsa zambiri, ndimangotsekula. Singano za masipoko zija zimakhala kwa adzukulu, pamodzi ndi makasu. Agona m'timphasa ta Yotamu ndi ambiri tsopano: aphunzitsi, ana, mfumu imodzi, Esinati wanga. Chipinda chija chinayamba kuoneka khoma, kenako pansi. Mwezi wathawu ndinalowamo ndi nyali, ndinachotsa todyedwa ndi chiswe, ndinapatula mitolo isanu ndi iwiri n'kuikweza pamtanda. Imeneyo wina asadzapemphe. Ine ndine wamfupi, idzakwana.